Paipi ya m'mutu mwa mwana: foni, maginito ndi zizindikiro zoti yatsekeka

Amisiri, mwana wanga wa miyezi 8 anamuika paipi m'mutu chifukwa mutu unkangokula ndi madzi. Alamu anga akuti ndisamayankhe foni nditamubereka, ati netiweki isokoneza makinawo. Nanga batire lake lidzatha liti? Mayi wa ku Ndirande

Mayi, yankhani foni yanu mwana ali kumsana komweko. M'chipangizo chimenechi mulibe batire, mulibe waya, mulibe chilichonse chimene netiweki ingasokoneze. Madokotala amachitcha shunt, ndipo chili ndi zigawo zitatu zokha. Kapaipi kakafupi kamalowa m'kati mwa ubongo pamene madzi asonkhana. Kamalumikizana ndi valavu, kotupa kaja mumakamva pansi pa khungu kuseri kwa khutu. Kuchoka pa valavupo paipi yaitali imatsika pansi pa khungu, kudzera m'khosi ndi pachifuwa mpaka m'mimba. Sikuti imalowa m'chifu kapena m'matumbo ayi. Imathera m'mpata wozungulira matumbo, ndipo thupi limayamwa madziwo n'kuwabwezera m'magazi. Mapaipiwa ndi a silikoni, mphira wofewa umene umatha kukhala m'thupi zaka zambiri.

Chimene chimayendetsa madzi ndi mphamvu ya madzi omwewo. Akachuluka m'mutu amakankha valavu n'kutseguka, akachepa imatseka yokha, ndipo silola kuti abwerere kumutu. Madziwo si matenda. Ubongo wa munthu aliyense umawapanga usana ndi usiku, wa munthu wamkulu pafupifupi theka la lita patsiku, ndipo thupi limawachotsa lokha. Vuto limabwera njira yawo ikatsekeka, kawirikawiri chifukwa cha matenda ogwira ubongo khanda likangobadwa, kapena mwana akabadwa ndi chotupa kumsana. Poti mafupa a mutu wa khanda amakhala asanagwirane, mutuwo umafutukuka.

Komabe alamu anuwo musawanyoze, pakuti mawu awo ali ndi pogwira. Valavu ilipo ya mitundu iwiri. Ina inachunidwa kamodzi kufakitale ndipo sisintha. Ina dokotala amatha kuichuna ili m'mutu momwemo, pongoika chida cha maginito pamwamba pa khungu. Mtundu wachiwiriwu ndi umene umaopa, ndipo chimene umaopa si netiweki koma maginito. Mu 2012 akatswiri a ku University of Michigan anasonyeza kuti maginito a m'tabuleti ya iPad 2 ankatha kusuntha valavu yotere tabuletiyo ikayandikitsidwa kwambiri. Mafoni ambiri a iPhone kuyambira pa 12 ali ndi mkombero wa maginito kumsana kwake, ndipo mahedifoni ndi masipika pafupifupi onse amakhala ndi maginito. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, limalangiza kuti zinthu zotere zizikhala masentimita 5 kapena kuposa kuchokera pa valavu. Makina ojambula m'kati mwa thupi otchedwa MRI nawo ndi maginito amphamvu zedi, choncho wodwala akatulukamo dokotala amayenera kuona ngati valavu sinasunthe.

Ana ambiri oikidwa paipi m'zipatala za boma kuno kwathu amalandira mtundu woyamba uja, wosachunidwa. Koma musangoganizira. Funsani amene anachita opaleshoni, ndipo dzina la shunt, mtundu wa valavu ndi tsiku loikira zilembedwe m'buku la kuchipatala la mwanayo.

Mchimwene wanga ali ku Johannesburg. Wamva kuti paipi imene akufuna kuika mwa mwana wanga ndi ya ku India, yotchipa, ndiye akuti tidikire atumize yodula. Tidikire? Bambo wa ku Kasungu

Musadikire, bambo. Tsiku lililonse limene madzi akupanikiza ubongo, mwana akutaya china chimene ndalama za ku Joni sizidzabweza.

Shunt ya ku India imene mukunenayo iyenera kuti ndi Chhabra, yopangidwa ndi kampani ya Surgiwear. Funso lanuli linafunsidwa kale ndipo linayankhidwa muno mu Africa. Dokotala Benjamin Warf, ali pa chipatala cha ana cha CURE ku Mbale m'dziko la Uganda, anatsatira ana 195 kwa chaka chathunthu. Ena anawaika Chhabra, imene nthawiyo inkagulidwa madola 35, ena anawaika ya Codman-Hakim ya madola 650. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2005, zinasonyeza kuti panalibe kusiyana kwenikweni pa kutsekeka, pa kulowa tizilombo, ngakhale pa imfa.

Ine monga mmisiri zimenezi sizindidabwitsa. Chimene chimapha shunt nthawi zambiri si valavu, koma timinofu ta m'ubongo kapena magazi oundana otseka timabowo ta kapaipi kam'mwamba kaja, komanso tizilombo tolowa nthawi ya opaleshoni. Zimenezo siziyang'ana mtengo. Ndipo chiyambire, chipangizochi sichinali cha anthu olemera. Valavu ya silikoni imene inatsegula njira ya ma shunt a masiku ano inapangidwa mu 1956 ndi John Holter, mmisiri wa makina wa ku Philadelphia amene mwana wake anali ndi vuto lomweli, mogwirizana ndi dokotala Eugene Spitz.

Ngati mchimwene wanu akufuna kuthandiza, ndalamazo azisunge pambali zikhale za thiransipoti, pakuti ulendo wa kuchipatala sukhala umodzi. Funsaninso madokotala ngati mwana wanu angayenere opaleshoni ina yotchedwa ETV, imene amaboola kanjira katsopano m'kati mwa ubongo ndi kakamera, madzi n'kumadutsa popanda paipi. Warf yemweyo anaiphatikiza ndi kuwotcha pang'ono minofu yopanga madziwo kuti izithandiza makanda. Si mwana aliyense imamuyenera, ndipo woweruza ndi dokotala ataona zithunzi za ubongo.

Mdzukulu wanga ali ndi zaka zitatu ndipo anamuika paipi chaka chatha. Anzanga akuti ndizitobwanya kotupa kaja m'mawa uliwonse kuti paipi isatsekeke. Nanga ikafa ndingadziwe bwanji, poti ili m'kati? Agogo a ku Mulanje

Agogo, chala chichoke pamenepo. Kotupako n'zoona kamabonyezeka, koma anakaika kuti madokotala azikagwiritsa ntchito poyeza. Mukamakatobwanya mumakoka madzi mopitirira muyezo, ndipo mukhoza kukokera timinofu m'timabowo tija, n'kutseka paipi imene inali bwinobwino. Ometa nawo muwachenjeze asanayambe, lezala kapena makina asadule khungu la pamenepo. Mphini asatemedwe paliponse pamene paipi yadutsa, kumutu, m'khosi kaya pachifuwa. Kabala kakang'ono pamwamba pa paipi ndi khomo la tizilombo lolunjika ku ubongo.

Funso lanu lachiwiri ndi limene ndikufuna aliyense wolera mwana wotere aligwiritsitse. Makina amene timakonza ife amalira alamu kapena kuyatsa nyali yofiira akafuna kufa. Shunt ilibe zimenezo. Imafa mwakachetechete, ndipo woyamba kuona ndinu amene mumamudyetsa ndi kumusambitsa mwanayo. Komanso kufa kwake si kwachilendo: kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amasonyeza kuti pafupifupi ana 4 mwa 10 alionse amabwerera ku opaleshoni zaka ziwiri zisanathe. Sizitanthauza kuti dokotala analakwitsa kapena kuti inu munalekerera.

Kwa khanda, yang'anani liwombo. Likatupa n'kulimba mwana ali phee, osalira, pali vuto. Mitsempha ya pamutu imaonekera kwambiri, maso amagwera pansi moti choyera cha diso chimaonekera pamwamba, mwana amakana bere, amalira mokuwa kosatonthozeka. Ku sikelo pemphani kuti azimuyeza mutu ndi tepi n'kulemba, osati kulemera kokha. Kwa mwana wa msinkhu wa mdzukulu wanu, amene liwombo linatsekeka kale, mutu sungafutukuke msanga, ndiye zinthu zimaipa mofulumira. Amadandaula mutu, makamaka m'mawa, amasanza koma osatsegula m'mimba, amayenda mwadzandidzandi, maso amapotoka kapena amaona zinthu ziwiriziwiri, mwina kukomoka kumene. Choopsa koposa ndi tulo tachilendo. Mwana akamavuta kudzutsa, akamangotsegula maso n'kugonanso, musadikire kuti kuche.

Tizilombo tikalowa, zimene zimachitika kwambiri m'miyezi yoyambirira chichitikire opaleshoni, thupi limatentha, khungu limafiira kapena kutupa motsatira njira ya paipi, m'mimba mumapweteka, nthawi zina madzi amachucha pabala.

Apa ndi pamene ana athu amatipulumuka m'manja, chifukwa kutentha thupi, kusanza ndi kufooka aliyense amati ndi malungo. Ayezedwe malungo, inde. Koma mawu oyamba kutuluka pakamwa panu mukafika pachipatala akhale akuti, "Mwanayu ali ndi paipi m'mutu." Ngakhale malungo atapezeka, ngati mwana sakutsitsimuka atayamba mankhwala, bwererani ndipo pemphani kalata yomutumiza ku chipatala chachikulu. Kwa inu a ku Mulanje ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli madokotala a opaleshoni ya ubongo. Paipiyi imaoneka pa X-ray, choncho ngati yaduka kapena yasolomoka polumikizira amaona. Ikatsekeka palibe mankhwala akumwa kapena jekeseni woitsegula. Amasintha chigawo chofacho ku opaleshoni basi.

Zina zonse mwana achite monga anzake. Bala likapola asambe, asewere, apite kusukulu. Za kukula musade nkhawa kwambiri, madokotala amasiya paipi yotsalira itapindidwa m'mimba kuti izitambasuka mwana akamatalika, ngakhale ena amadzafunika kuiwonjezera akasinkhuka.

Ndili ndi zaka 19, shunt ndinaikidwa ndili mwana. Ndikaimirira nthawi yaitali mutu umandipweteka, ndikagona umasiya. Kodi yatsekeka? Wophunzira wa ku Chipata

Achimwene, zimene mukufotokozazi zikufanana kwambiri ndi shunt yochotsa madzi mopitirira, osati yotsekeka. Ganizirani mmene timakokera petulo m'thanki ya galimoto ndi payipi: mbali yotulukira ikangotsika pansi, petulo amayenda yekha osaleka. Inu mukaimirira, mimba imakhala pansi kwambiri poyerekeza ndi mutu, ndipo madzi a m'paipi yaitali ija amakoka anzawo. M'mutu mumatsala ochepa, mutu n'kuyamba. Mukagona mutu ndi mimba zimalingana, kukokako kumatha. Shunt yotsekeka kawirikawiri imachita mosiyana, mutu umapweteka kwambiri mukagona kapena podzuka m'mawa.

Musazolowere kumangomwa panado. Madzi akamachoka mopitirira kwa nthawi yaitali, ubongo umatha kufwamphuka pang'ono n'kukoka timitsempha, magazi n'kuchucha m'kati mwa chigaza. Njira zokonzera zilipo. Pali kachida koletsa kukokako kamene amakalumikiza pa paipi, kapena amasintha valavu, ndipo ngati yanu ili yochunidwa dokotala amangoikweza popanda kung'amba. Kwa sabata imodzi lembani nthawi imene mutu umayamba, mmene munakhalira ndi mphindi zimene umatenga kuti uleke mukagona, mupite nazo kwa dokotala wa ubongo. Koma mukayamba kusanza, kusokonezeka kapena kufooka mbali imodzi, za kulembazo zisiyeni, thamangani tsiku lomwelo.

Ndinamva kuti kuli makina oika m'mimba ochotsa madzi, otchajidwa ngati foni. N'zoona? Nanga abambo anga otupa mimba chifukwa cha chiwindi angawapeze? Mayi wa ku Leeds

N'zoona, mayi. Dzina lake ndi alfapump, ya kampani ya Sequana Medical. Imeneyo ndiye ili ndi batire ndi kapampu. Amaiika pansi pa khungu la pamimba, imakoka madzi osonkhana m'mimba n'kuwathira m'chikhodzodzo, munthu n'kumawataya pokodza. Potchaja amagunditsa chotchajira pakhungu pamwamba pa pampuyo, mphamvu n'kudutsa popanda waya. Ndi ya anthu amene mankhwala okodzetsa anawakanika, ndipo ili ndi zovuta zake: mapaipi amatsekeka, tizilombo timalowa, impso zimafunika kuyezedwa pafupipafupi. Imafuna gulu la madokotala ozolowera kuisamala, choncho si chinthu chogula n'kutumiza kumudzi.

Ngati bambowo ali kuno, njira imene ilipo ndi kuchepetsa mchere, kusiyiratu mowa, kumwa mankhwala okodzetsa monga adokotala anenera, ndi kupopa madziwo ndi singano kuchipatala mimba ikalimba. Pemphaninso kuti awayeze likodzo ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B, pakuti onsewa amawononga chiwindi mwa anthu ambiri kuno, ndipo onse ali ndi mankhwala ake.