Mphete za chinkhoswe zochokera ku Joni: mwala wake, mapepala ake ndi ulendo wake

Achemwali, mwandifunsa zinthu ziwiri: momwe ife oyenda pakati pa Johannesburg ndi kumudzi timachitira malonda a mphete za chinkhoswe, ndiponso mwala umene mungamalangize makasitomala anu kusankha, popeza ambiri akangomva mtengo wa dayamondi amabwerera m'mbuyo. Ndiyamba ndi miyalayo, chifukwa munthu amene sadziwa chimene wanyamula m'chikwama sangathe kuchiikira mtengo woyenera, ndipo amasowa choyankha tsiku limene kasitomala wabwera kudzadandaula.

Pa mphete yovala tsiku ndi tsiku timayamba kuona kulimba kwa mwala, kuwala kumabwera pambuyo. Akatswiri amayeza kulimbaku pa sikelo ya Mohs, imene imayambira pa 1 kulekeza pa 10, ndipo mwala wa nambala yapamwamba umakanda wa nambala yotsika. Dayamondi ali pa 10, moissanite pa 9.25, sapphire ndi ruby pa 9. Koma nambala yofunika kuisunga pamtima ndi 7, chifukwa mchenga wamba ndi fumbi la pabwalo zimakhala ndi quartz, amene ali pa 7 pomwepo. Mayi wa ku Ndirande kapena ku Area 25 amene amakwecha mapoto ndi mchenga, kuchapa pamanja ndi kusesa m'mawa uliwonse adzaukanda mwala wosapitirira 7 pang'onopang'ono mpaka udzazilala, ngakhale atakhala wosamala chotani. N'chifukwa chake tanzanite, mwala wabuluu wopita ku pepo umene unapezeka mu 1967 ku mapiri a Merelani pafupi ndi Arusha ku Tanzania, ndipo umakopa alendo m'mashopu a ku Sandton City ndi pabwalo la ndege la OR Tambo, sindiuvomereza pa mphete ya chinkhoswe. Kulimba kwake kuli pakati pa 6 ndi 7, choncho malo ake ndi pa ndolo kapena pa mkanda wa m'khosi, kumene sugundana ndi mpope wa madzi.

Mwala umene wasintha malonda athu, ndipo ndiumene ndimayamba kuutchula kwa mnyamata aliyense wogwira ntchito yolandira pamwezi, ndi moissanite. Katswiri wa ku France Henri Moissan anaupeza mu 1893 m'zidutswa za mwala wogwa kuchokera kumwamba ku Arizona, koma wonse umene uli pamsika ndi wopangidwa m'fakitale. Kampani ya Charles & Colvard inayamba kuugulitsa ngati mwala wa mphete mu 1998, ndipo chilolezo chake chopanga yokha chitatha ku America mu 2015, mafakitale ambiri, makamaka a ku China, analowapo ndipo mtengo unatsika kwambiri. Moissanite sazilala ndi sopo kapena ndi zaka, ndipo amabalalitsa kuwala m'mitundu ya utawaleza kuposa dayamondi kawiri ndi kupitirira. Pa mwala waung'ono kusiyanaku sikuoneka kwenikweni, koma pa waukulu wopitirira carat imodzi (muyeso wa kulemera kwa miyala yotereyi) kumaonekera patali, makamaka pansi pa magetsi a mu holo. Atsikana ena amakonda zimenezo, ena amati n'zodzionetsera, choncho muziwaonetsa kanema wa mwalawo uli padzuwa asanapereke ndalama.

Pamenepa ndi pamene ambiri amaberedwa, ndiye ndikhalitsepo pang'ono. Kachipangizo konga cholembera kamene ogulitsa a m'misewu ya m'tauni amakonda kutulutsa m'thumba kamayeza momwe mwala umadutsitsira kutentha, ndipo poti moissanite amadutsitsa kutentha pafupifupi mofanana ndi dayamondi, kakangogunda pamwamba pake kamalira ndi kuyatsa timagetsi tonse, wogula n'kukhulupirira. Kachipangizo kodalirika ndi kamene kamayezanso momwe mwala umadutsitsira magetsi. Gulaninso kagalasi ka osula mphete kokulitsa zinthu ka 10, kamene amati loupe. Mukapukuta mwalawo, kupendeketsa mphete pang'ono ndi kuyang'ana kudzera m'timbali ta pamwamba, osati pakati penipeni, mudzaona kuti mizere ya kunsi kwa moissanite imaoneka iwiriiwiri, pamene ya dayamondi imaoneka umodziumodzi ndi yakuthwa. Kakhadi kokongola kamene kamabwera m'kabokosi ka moissanite wotsika mtengo musakaike mtima, chifukwa si chikalata cha labotale yodziwika.

Pansi pa moissanite pali cubic zirconia, amene tonse timangoti CZ, ndipo ndiye wadzaza m'mashopu ogulitsa mopikulitsa a ku China Mall ndi Dragon City. Anayamba kupangidwa mochuluka mu 1976, kulimba kwake kuli pakati pa 8 ndi 8.5, ndipo amalemera kuposa dayamondi wofanana naye kukula ndi ka 1.7 kapena chapomwepo. Mukamupumira mpweya wa m'kamwa nthunzi imachedwa kuchoka, pamene pa dayamondi imatha nthawi yomweyo. Akakhala watsopano amanyezimira bwino, koma pakapita chaka kapena ziwiri m'mbali mwake mumabuntha ndipo amachita mbuu ngati tambula yagalasi yotsukidwa ndi mchenga. Ine ndimagulitsa CZ mopanda manyazi kwa amene akufuna mphete yoti ionekere pa tsiku la chinkhoswe pamene ndalama zambiri zapita ku zakudya ndi zovala, bola ndamutchula dzina lake lenileni.

Dayamondi wopangidwa mu labotale ndi nkhani ina, chifukwa iye ndi dayamondi weniweni, wa carbon yemweyo ndi kulimba komweko kwa 10, ndipo ngakhale wosula mphete wa zaka zambiri sangamusiyanitse ndi wokumbidwa popanda makina apadera. Amapangidwa m'njira ziwiri: HPHT, yopanikiza carbon pa kutentha kwakukulu, ndi CVD, yokulitsa mwala pang'onopang'ono kuchokera ku mpweya wokhala ndi carbon. Chimene wamalonda ayenera kudziwa n'chakuti mtengo wake wakhala ukutsika chaka ndi chaka. De Beers, kampani yaikulu yokumba dayamondi, inatsegula kampani ya Lightbox mu 2018 yogulitsa miyala yotereyi pa madola 800 carat imodzi, mtengo umene panthawiyo unaoneka wotsika zedi, koma mu 2025 inalengeza kuti ikuitseka chifukwa mitengo inali itagwa kupitirira pamenepo. Choncho musaike mpamba wanu mu miyala imeneyi n'kuisunga m'nyumba podikira wogula. Muziigula pokhapokha oda ilipo. Mwala uliwonse ukhale ndi chikalata cha IGI kapena GIA, malabotale odziwika oyeza miyala yamtengo wapatali, ndipo nambala ya pa chikalatayo ifanane ndi yolembedwa ndi laser m'mphepete mwa mwalawo, imene imaoneka ndi kagalasi kaja. Nambalayo mutha kuilowetsa pa intaneti pa tsamba la labotaleyo musanatuluke mu shopu. Kasitomala auzidwenso kuti akadzafuna kugulitsa mpheteyo sadzapeza ndalama yooneka pa mwalawo.

Za dayamondi wokumbidwa, chotsani maganizo akuti ndi wotchipa kuno ku South Africa chifukwa choti ndi dziko la mzinda wa Kimberley, wotchuka ndi migodi ya dayamondi, ndi la mwala wa Cullinan, wa ma carat 3,106, umene unapezeka mu 1905 kufupi ndi Pretoria. Mtengo wake umatsata dola kulikonse, ndipo umadalira kulemera, mtundu, kuyera kwa m'kati ndi kadulidwe. Carat imodzi ndi magalamu 0.2, ndipo mwala wozungulira wa carat imodzi umakhala pafupifupi mamilimita 6.5 m'mimba mwake. Mitengo imadumpha pa manambala athunthu, motero mwala wa 0.90 umapulumutsa ndalama pamene diso silisiyanitsa ndi wa 1.00. Mutha kutsika pang'ono pa mtundu ndi pa kuyera, koma pa kadulidwe musanyinyirike kulipira, chifukwa mwala wodulidwa molakwika suwala ngakhale utakhala woyera bwanji.

Pali chinthu chimodzi chimene sitikhudza n'komwe. Lamulo la dziko lino la Diamonds Act la 1986 limaletsa kusunga, kugula kapena kugulitsa dayamondi wosadulidwa popanda laisensi, ndipo golide wosasulidwa alinso ndi lamulo lake. Amene amayang'anira zimenezi ndi bungwe la South African Diamond and Precious Metals Regulator, ndipo kuyambira 2003 dayamondi wosadulidwa sadutsa malire a mayiko popanda chikalata cha Kimberley Process. Munthu wokutsatani kuchokera ku Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ndi sitima ku Joni, ndi kamwala kokulunga m'pepala la fodya, n'kumati wachokera ku mgodi ndipo akufuna ndalama mwachangu, kawirikawiri amakhala atanyamula galasi, ndipo ngati mwalawo uli weniweni ndiye kuti mwagula mlandu.

Amene safuna mwala woyera muziwaonetsa sapphire, amene pa 9 amapirira ntchito zonse za pakhomo, ndipo amapezeka wabuluu, wapinki, wachikasu ngakhalenso wopanda mtundu. Mphete ya chinkhoswe ya mu 1981 ya Diana, amene anakwatiwa ndi Kalonga Charles wa ku Britain, inali ya sapphire wabuluu, ndipo mpaka lero makasitomala amabwera ndi chithunzi chake pa foni. Kwathu komwe kuli miyala yotere: phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu limatulutsa ruby ndi sapphire, ndipo Mzimba imadziwika ndi aquamarine, amene pamodzi ndi mbale wake wapinki morganite ali pakati pa 7.5 ndi 8, koma amafuna kutsukidwa pafupipafupi chifukwa mafuta odzola akamatirira kunsi kwake amataya kuwala msanga. Emerald wa ku Zambia ndi wokongola koma amakhala ndi timing'alu m'kati ndipo sachedwa kubenthuka. Ruby wamkulu wotsika mtengo modabwitsa nthawi zambiri amakhala wodzazidwa galasi m'ming'alu yake. Kasitomala akakupemphani kuti mumunyamulire mwala wa ku Mzimba kudzaudulitsa kuno, muuzeni ayambe wafufuza ngati malamulo akulola kuutulutsa m'dziko ndiponso wapeza chilolezo cha boma, apo ayi musaunyamule.

Chitsulo chogwira mwala chimawerengedwa pa chidindo cha m'kati mwa mphete: 375 ndi golide wa 9ct (ct ndi muyeso wa kuchuluka kwa golide weniweni mu chitsulocho), amene ndi wofala kuno ndipo amagwirizana ndi matumba a makasitomala athu, 585 ndi wa 14ct, 750 ndi wa 18ct, 925 ndi siliva, 950 ndi platinum. Chidindo chimatha kukhala chabodza, choncho chimakhulupirika malinga ndi shopu imene mwagula, ndipo mphete yongokutidwa golide pamwamba imasiya chala chobiriwira. Golide woyera amakutidwa chitsulo chonyezimira chotchedwa rhodium, chimene chimasuluka n'kufuna kukutidwanso. Musanalipire, pititsani mphete pa nsalu ya juzi: ikakola ulusi ndiye kuti kazikhadabo kena kogwira mwala sikanapindidwe bwino, ndipo mwalawo udzagwera mu beseni lochapira. Tizikhadabo 6 timagwira bwino kuposa 4, ndipo kwa anamwino ndi ena ogwira ntchito zamanja ndimakonda mwala wozingidwa ndi chitsulo mbali zonse.

Mayendedwe a malondawo ndi awa. Za siliva ndi CZ timapikula zambiri nthawi imodzi, koma za golide timapangitsa pa oda kwa osula mphete, monga a ku Oriental Plaza ku Fordsburg ndi ena a m'madera a Rosebank, ndipo kasitomala amayamba wapereka gawo lokwanira kugula mwala ndi chitsulo. Mtengo muziutchula mu Rand, n'kugwirizana kuti Kwacha idzawerengedwa pa tsiku lolipira, chifukwa amene anatchula mitengo mu Kwacha ndalama yathu isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anamaliza maoda ndi ndalama za m'thumba mwawo. Saizi ya chala kuno imayezedwa ndi zilembo kuyambira A mpaka Z, pamene katundu wa ku China amabwera ndi manambala, ndiye gulani mphete zoyezera mukhale nazo kumudzi m'malo modalira ulusi umene mnyamata wakulunga pa chala cha bwenzi lake mobisa. Muziyeza madzulo, chifukwa zala zimatupa kukatentha, ndipo mphete yozingidwa timiyala ponseponse siitheka kuikulitsa kapena kuichepetsa. Maoda a zinkhoswe za kumapeto kwa chaka aperekedwe msanga, popeza osula ambiri amatseka chapakati pa Disembala.

Pa ulendo wa basi wodzera Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza kapena ku Dedza, mphete zimakhala pathupi panu, osati mu ngolo ya katundu, ndipo za golide sitipatsira matransipota. Lisiti iliyonse ikhale ya msonkho, yolembedwa dzina lanu ndi tsatanetsatane wa katunduyo, chifukwa ndi imene mlendo amagwiritsa ntchito pofuna kubwezeredwa VAT ya 15 peresenti potuluka m'dziko lino, ndiponso ndi imene a MRA amawerengerapo msonkho. Poti mphete ndi yaing'ono, mtima umakuuzani kuti muivale pa chala mudutse mwakachetechete, koma munthu wovala mphete zatsopano zala zonse, timabokosi take tili m'chikwama, sapusitsa ofisala aliyense, ndipo kulandidwa katundu wa oda kumapweteka kuposa msonkho. Msonkhowo uwerengereni mu mtengo kuyambira pachiyambi.

Mudzakumananso ndi anyamata okupemphani kuti mtsikana ndi ankhoswe ake asadziwe kuti mwalawo ndi moissanite. Zimene mnyamata akauze bwenzi lake ndi za iye mwini, ndipo ine sindiimbira munthu foni kumuululira, koma pa lisiti yanga ndimalemba dzina la mwala, kukula kwake mu mamilimita, chidindo cha chitsulo ndi saizi, kenako tonse awiri timasaina, kope imodzi n'kutsala kwa ine. Mayiyo akadzapita nayo kokulitsa ku Limbe kapena ku Lilongwe, wosula n'kumuuza zoona, funso loyamba limakhala lakuti anagula kwa ndani, ndipo pamenepo mumangotulutsa kope yanu.