Kodi boma limathandiza bwanji posamalira okalamba ndi odwala nthawi yaitali pakhomo?

Achemwali, mwafunsa ngati boma limatumiza munthu kapena kupereka ndalama zosamalira mayi anu amene anafa ziwalo chifukwa cha sitiroko ndipo akugona kwanu ku Chilomoni, komanso ngati pali amene amayang'anira anthu olembedwa ntchito yosamalira odwala m'makomo. Pepani kwambiri ndi matendawo. Kunena zoona, malamulo tili nawo, koma ndalama zoyendetsera malamulowo sizinafike pakhomo la munthu wamba.

M'chaka cha 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko ya anthu okalamba, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo, limene Lazarus Chakwera, Pulezidenti wa nthawi imeneyo, anasayinira chaka chomwecho. Mabungwe oyimira okalamba ngati MANEPO anakhala akumenyera lamulo limeneli kwa zaka zambiri. Komabe palibe thumba la boma limene limalipira wosamalira wodwala pakhomo mwezi ndi mwezi. Ngakhale ku chipatala chachikulu cha Queens, kumene chithandizo ndi chaulere, amene amasambitsa wodwala, kumudyetsa ndi kumutembenuza usiku ndi gadiyani wochokera kubanja, ndipo wodwala akatulutsidwa ntchito yonseyo imamutsata kunyumba pamodzi ndi mtengo wa matewera, sopo ndi thiransipoti.

Ambiri adzakuuzani za Mtukula Pakhomo. Pulogalamuyi inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo inafalikira m'maboma onse 28, koma imasankha mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, pafupifupi banja limodzi pa mabanja khumi alionse. Inu muli pantchito, choncho n'zokayikitsa kuti khomo lanu lingalowe m'kaundula. Ndalama zake zambiri zimachokeranso kwa abwenzi akunja monga World Bank, European Union, Germany ndi Ireland, zimene zimandidetsa nkhawa, pakuti chisamaliro cha makolo athu sichiyenera kudalira mvula ya kwa eni. Penshoni nayo, imene lamulo limati bwana aziika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti ya malipiro, imafikira okhawo amene analembedwa ntchito, pamene amayi athu ambiri anakalambira kumunda ndi pamsika.

Thandizo limene lilipo muno mu Blantyre mulifunefune msanga. Ku Queens kuli kiliniki ya Tiyanjane imene imathandiza odwala matenda okhalitsa pochepetsa ululu ndi kuphunzitsa achibale kasamalidwe kake. Ku Kachere Rehabilitation Centre kuli malo ochitira mafizo a anthu ofa ziwalo, ndipo pa matenda a sitiroko miyezi yoyambirira ndi imene imapindulitsa kwambiri. Mufikenso ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya boma la Blantyre kuti dzina la mayi lidziwike, ndipo mufunse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ngati pali gulu losamalira odwala m'makomo. Magulu otere anali amphamvu nthawi imene Edzi inavuta, koma ambiri anafooka ARV atayamba kuperekedwa kwaulere mu 2004 ndipo opereka thandizo atatembenukira kwina.

Pa funso lanu lachiwiri m'pamene pali mpata waukulu. Namwino weniweni amalembetsedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo aliyense wodzitcha namwino akuonetseni chiphaso chake chogwirira ntchito musanamulole kubaya jakisoni, kusintha kapaipi ka mkodzo kapena kutsuka chilonda. Koma anthu ambiri amene timawalemba m'makomo ndi antchito apakhomo chabe pamaso pa lamulo, otetezedwa ndi lamulo la zantchito la 2000 pa malipiro ndi tchuthi, popanda bungwe loyesa luso lawo. Zikatero woyang'anira ndinu. Lembani mgwirizano wonena maola, malipiro osachepera mlingo umene boma linakhazikitsa, ndi tsiku lopuma, chifukwa munthu wotopa ndi wosalipidwa bwino sangadzuke usiku kutembenuza wodwala maola awiri alionse, ndipo zilonda za pamsana zimayambira pamenepo. Mupite naye kuchipatala kuti aphunzire kunyamula ndi kudyetsa mayi osawatsamwitsa.

Maganizo anga ndi akuti boma lisathamangire kumanga nyumba zosungiramo okalamba, chifukwa ambiri mwa iwo amafuna kukhala pakati pa zidzukulu zawo. Ndalama zipite kophunzitsa ndi kulembetsa osamalira odwala, kulipira anamwino oyendera makomo kuchokera m'zipatala zazing'ono monga za Ndirande, Zingwangwa ndi Chilomoni, komanso kupereka kangachepe kwa okalamba onse kuchokera m'misonkho yathu. Phungu wa dera lanu mumufunse kuti m'bajeti ya chaka chino lamulo la 2024 lija alipatsa ndalama zingati.