Funsani za makompyuta: seva ikukana anthu, logi nayo sikumveka

Funso

Akulu, ine ndine wa akawunti pa kaofesi kena ku Zomba, tilipo anthu 9 ndipo mafayilo onse timasunga pa kompyuta yakale ili pansi pa tebulo la abwana, ndiyo seva yathu, ili ndi Ubuntu m'malo mwa Windows, ndi Samba, pulogalamu yogawira mafoda ku makompyuta enawo. Amene anaikonza anapita ku Joni kalekale ndiye poti ndimadziwako pang'ono zonse zagwera ine. Lolemba magetsi anathima n'kuyakanso, chiyambireni makompyuta awiri sakutsegula foda, ina ikulemba 0x80070035, inayo ikungofunsa pasiwedi mobwerezabwereza. Sikana nayo inasiya kutumiza mu foda chikwezereni Ubuntu. Ndatsegula logi, kaundula momwe seva imalemba zochitika, koma ndi mizere ya NT_STATUS yokhayokha, mutu wazungulira. Ndiyambire pati?

Wowerenga, Zomba

Yankho

Achimwene, choyamba siyani kuwerenga logi yonse, simumaliza ndipo zambiri mmenemo ndi phokoso chabe. Funso loti muifunse logiyo ndi limodzi: kodi kompyuta yovutayo ikufika pakhomo pa seva kapena ikuthera panjira? Ikafika seva imalemba, ikapanda kufika logi imakhala zii, ndipo kukhala chete kumeneko ndi yankho kale.

Pa Ubuntu malogi a Samba ali mu /var/log/samba ndipo kompyuta iliyonse imakhala ndi kafayilo kakekake, log. kenako dzina lake kapena nambala yake ya IP, yomwe ndi adiresi yake pa netiweki. Koma Samba ikangosiyidwa mmene inabwerera siyankhula zambiri, ndiye tsegulani /etc/samba/smb.conf, pansi pa [global] lembani log level = 3, kenako testparm kuti muone ngati simunalakwitse chilembo, mukatero sudo systemctl restart smbd. Izi chitani nthawi ya nkhomaliro chifukwa amene watsegula Excel pa sevapo adulidwa ndipo akutukwanani. Tsopano tumani mnzanu ayese kutsegula foda pa kompyuta yovutayo, inu mwayang'ana wotchi, n'kulemba ls -lt /var/log/samba. Fayilo imene yasintha mphindi yomweyo ibwera pamwamba, ndi yokhayo yoti muwerenge. Onaninso date pa seva, makompyuta akalewa kabatire ka mkati kakatha magetsi akathima wotchi imasokonekera, mumapezeka mukufufuza mzere wa 10 koloko pomwe seva ikuganiza kuti ndi usiku wa chaka china.

Ya 0x80070035 ija ndikukayikira kuti simuipeza mu logi. Windows ikunena kuti njira sinaipeze. Zomwe zimachitika kawirikawiri magetsi akabwera, rauta imagawanso ma IP mwatsopano ndiye seva yomwe inali 192.168.1.10 yadzuka ili 192.168.1.14, makompyuta olumikizidwa ndi dzina la seva akupitiriza bwinobwino koma iyo yolumikizidwa ndi nambala ikugogoda pa nyumba ya eni. Lembani ip a pa seva muone nambala yake ya lero, pa Windows paja tsegulani PowerShell mulembe Test-NetConnection nambalayo -Port 445, poti 445 ndiye khomo limene mafayilo amadzera. Ikakana, onani kebulo ndi kagetsi ka pa switch, kabokosi kolumikiza makebulo kaja, komanso sudo ufw status mwina firewall, mlonda wa makomo a seva, yatseka. Ikalola, lumikizani foda mwatsopano ndipo mulowe mu rauta muimangirire seva IP imodzi isamasinthesinthe, apo bii magetsi akadzathimanso mudzandilemberanso kalata yomweyi.

Yofunsa pasiwedi ija ndiye yokoma chifukwa iyo yafika pakhomo, ndipo logi ikuuzani dzina limene Windows yatumiza. Apa anthu ambiri amadabwa. Munthu akulumbira kuti walemba dzina lolondola koma mu logi mukuoneka dzina lolowera pa laputopu yake, kapena imelo yake ya Microsoft. Mukaona NT_STATUS_NO_SUCH_USER ndiye kuti Samba dzinalo sikulidziwa, ndipo dziwani kuti Samba imasunga mapasiwedi akeake osiyana ndi a Ubuntu, sudo pdbedit -L ikuonetsani amene alipo, sudo smbpasswd -a dzina ndiye kuwonjezera munthu yemwe ali kale ndi akawunti pa Ubuntu. Mukaona NT_STATUS_WRONG_PASSWORD dzina lili bwino, vuto nthawi zambiri ndi Windows yomwe yagwiritsitsa pasiwedi yakale, ndiye lowani mu Credential Manager muchotse ya sevayo, mulembenso net use * /delete muyambirenso.

Pali winanso, NT_STATUS_ACCESS_DENIED, uyu amatanthauza kuti munthu walowa pageti koma chipinda ndi chokiya, mwina dzina lake palibe pa mzere wa valid users mu smb.conf kapena foda yeniyeniyo pa Ubuntu ndi ya munthu wina. Pa intaneti akuuzani chmod 777. Zitheka inde, komanso mwatsegulira aliyense fayilo ya malipiro, inu a akawunti mukudziwa mmene ofesi imatenthera anthu akaonerana masalale.

Mizere ya NT_STATUS_CONNECTION_RESET isakutayitseni nthawi, imabwera ngakhale munthu akangotseka laputopu n'kumapita kwawo. Iyambe kukudetsani nkhawa pokhapokha ikamatuluka pakati pokopa fayilo yaikulu, pamenepo kayikirani kebulo kapena WiFi.

Za sikana ndiye nkhani ina. Masikana akale ambiri amangodziwa SMB1, chiyankhulo chakale chotumizirana mafayilo, ndipo Samba kuyambira 4.11 ya mu 2019 inachitseka, Ubuntu 20.04 inabwera ndi Samba imeneyo. Sikana ikayesa mupeza mzere woti No protocol supported. Mankhwala otchuka ndi kulemba server min protocol = NT1 ndipo sikana idzukadi, koma ine sindingakulangizeni, vayirasi ya WannaCry ija inagwetsa makompyuta m'zipatala za ku Britain mu 2017 inadzera pa chibowo cha SMB1 mu Windows, ndipo Microsoft nawo anayamba kuichotsa mu Windows 10 chaka chomwecho. Yambani mwafufuza ngati opanga sikanayo anatulutsa firmware, pulogalamu ya mkati mwa sikanayo, yodziwa chiyankhulo chatsopano cha SMB2, ikasowa muziisikanira ku imelo kapena pa fulashi, n'kuyenda masitepe asanu basi.

Mukamaliza bwezerani log level pa 1, chifukwa pa 3 imalemba kwambiri moti mizere yofunika imakankhidwa msanga. Ndipo auzeni abwana agule ka UPS, kabatire kogwirizira kompyuta magetsi akathima, seva yokhala pansi pa tebulo n'kumathimira limodzi ndi ketulo tsiku lina disiki idzakana kudzuka. Zikakanikabe titumizireni mizere 20 ya mphindi imene mnzanuyo anayesa, mufufute kaye mayina a anthu.