Namondwe Milton akulunjika ku Tampa: yankho langa kwa mayi a ku Zomba

Usiku wathawu ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Zomba. Mwana wawo wamkazi anabwera kuno ku Florida chaka chatha ndipo amakhala ku St. Petersburg. Mayiwo alemba kuti: "Ndamva pa wailesi kuti kukubwera namondwe wamkulu. Mwana wanga akuti sachoka chifukwa amakhala m'nyumba yosanja ya konkire, chipinda cha m'mwamba, komanso akuti mzere wa pamapu ukhoza kukhota. Kodi zimenezi ndi ngati Freddy uja? Ndimuuze chiyani, nanga ine kuno ndizitsatira bwanji?"

Mayi, ndikuyankhani pano poyera chifukwa ndikudziwa kuti si inu nokha amene simunagone. Lero ndi Lachiwiri, pa 8 October 2024, ndipo nthawi yatsala yochepa, choncho ndiyamba ndi chachikulu. Muimbireni mwanayo, mumufunse kuti nyumba yake ili mu zoni yanji. Boma la Pinellas, komwe kuli St. Petersburg, linagawa malo onse m'mazoni a A, B, C ndi ena, molingana ndi mmene madzi a m'nyanja angawafikire. Akalemba adiresi yake pa tsamba la bomalo pa intaneti aona chilembo chake pompopompo. Okhala mu A, B ndi C alamulidwa kale kuti asamuke, pamodzi ndi onse okhala m'nyumba zopepuka zija zokoka ndi galimoto. Ngati chilembo chake chili mwa zitatuzi, anyamuke lero kusanade. Mawa kukhala kutachedwa.

Mwafunsa ngati ndi chimodzimodzi ndi Freddy. Inde, ndi chinthu chimodzi, dzina lokha ndi limene limasintha. Akabadwira m'nyanja ya Atlantic kuno amati hurricane, kwathu kunyanja ya India amati cyclone, ife timangoti namondwe. Amadya kutentha kwa madzi a pamwamba pa nyanja, ndipo chaka chino nyanja ya Gulf of Mexico yatentha kwambiri. N'chifukwa chake Milton, amene Lamlungu anali wamng'ono, dzulo Lolemba wafika pa gawo 5, lomwe ndi lomaliza pa muyeso wawo, mphepo yake n'kufika makilomita 285 pa ola.

Koma kumbukirani chimene chinatipha ife mu March 2023. Freddy atalowa kumtunda pafupi ndi Quelimane, pofika ku Blantyre mphepo yake inali itachepa mphamvu. Anthu a ku Chilobwe sanaphedwe ndi mphepo ayi. Anakwiriridwa ndi matope ndi miyala yochokera m'phiri la Soche, ndipo ku Mulanje ndi ku Phalombe midzi inakokoloka ndi madzi. Oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Kunonso wakupha wamkulu ndi madzi, kungoti amachokera mbali ina. Mphepo imakankha nyanja yonse kuikwezera kumtunda ngati mmene mungapendeketsere beseni lodzadza. Akatswiri akuti m'dera la Tampa Bay madziwo akhoza kukwera mamita 3 mpaka 4 ndi theka pamwamba pa nthaka youma. Yerekezani nyumba yanu ya ku Zomba madzi atafika pa malata.

Magawo aja a 1 mpaka 5 amangoyeza mphepo basi, sanena kanthu za madzi. Ndikunena izi chifukwa mawa mudzamva kuti Milton watsika kufika pa gawo 4 kapena 3, ndipo mtima wanu udzafuna kukhala pansi. Musaulole. Namondwe akamafooka nthawi zambiri amatambasuka, ndipo madzi amene wawaunjika kale kutsogolo kwake sabwerera.

Masabata awiri sanathe chidutsire namondwe wina, Helene, pa 26 September. Anadutsa kutali m'nyanja, makilomita oposa 150 kuchokera ku St. Petersburg, n'kukalowera kumpoto pafupi ndi Perry. Ngakhale anadutsa patali choncho, anthu 12 anafa m'boma la Pinellas lomweli, ambiri omira m'nyumba zawo. Mpaka lero m'misewu ya kugombe mwaunjikana matiresi, mafiriji ndi matabwa amene anthu anatulutsa m'nyumba zonyowa, ndipo mphepo ya mawa izinyamula zonsezo. Helene yemweyo anakapha anthu ambiri ku mapiri a North Carolina, kutali ndi nyanja, ndi mvula yokhayokha. Nditaona zithunzi za ku Asheville ndinakumbuka kwathu, misozi inalengeza.

Tsopano za mzere wa pamapu umene mwana wanu akudalira. Mapu amenewo amachokera ku National Hurricane Center ku Miami, ndipo ndi okhawo amene ine ndimawakhulupirira. Pamakhala chithunzi choyera chooneka ngati nyanga, chopyapyala pomwe namondwe ali pano, chotambasuka kutsogolo. Anthu ambiri amaganiza kuti nyangayo ikusonyeza kukula kwa namondwe, kuti amene ali kunja kwake apulumuka. Si choncho. Imangosonyeza momwe diso la namondwe, kutanthauza pakatikati pake, lingadutse, ndipo ngakhale diso lomwelo limakhala m'kati mwake kawiri pa katatu kalikonse. Mphepo, mvula ndi madzi zimafika kutali kunja kwake.

Mwana wanu sakunama kuti mzere ukhoza kukhota. Mu September 2022, namondwe Ian ankaoneka kuti akulunjika ku Tampa. Anthu a ku Tampa anathawa, koma iye anakhotera kumwera n'kukalowa pa Cayo Costa pafupi ndi Fort Myers, pa 28 September. Ku Tampa nyanja inachita kuphwa, anthu n'kumayenda pansi pamatope pomwe pamadutsa maboti. Ku Fort Myers Beach nyumba zinazuka. Anthu pafupifupi 150 anafa mu Florida, ndipo ambiri a kumeneko anali atakhala phee chifukwa mzere sunkaloza kwawo. Malo amene Ian analowera anali m'kati mwa nyanga ija masiku onsewo, chakumphepete. Ndiye kukhota kumene akukuyembekezerako kulipodi, koma palibe munthu, ngakhale akatswiri okwera ndege n'kulowa m'kati mwa namondwe kukayeza, amene angamulonjeze lero kuti diso lidutsa kumwera kwake osati kumpoto. Kusiyana kwa makilomita 30 okha ndi kumene kunganene ngati nyanja iphwe kapena ilowe m'tauni. Tampa Bay sinamenyedwe mwachindunji ndi namondwe wamkulu chiyambire 1921, ndipo anthu akumeneko anazolowera kulambalalidwa. Anzake a kuntchito akamamuuza kuti "timakhala chaka chilichonse", adziwe kuti palibe mmodzi wa iwo anaonapo chimene akuchinenacho.

Za chipinda cha m'mwamba, ndikumumvetsa. Madzi mwina sangafike pa bedi pake. Koma galimoto yake ili pansi, ndipo madzi amchere akailowa yatha. Magetsi adzazima, mipopi ikhoza kuuma, zimbudzi kusiya kugwira ntchito. Pinellas yazunguliridwa ndi madzi mbali zitatu, ndipo milatho yake monga Sunshine Skyway ndi Howard Frankland amaitseka mphepo ikakula. Choopsa kuposa zonse n'chakuti mphepo ikafika pachimake, ambulansi ndi ozimitsa moto satuluka. Akhoza kuimba 911, nambala ya zangozi kuno, adzamuyankha, koma sadzabwera mpaka kutachita bata.

Sakufunika kuthawira ku Georgia. Misewu ya I-75 ndi I-4 yadzadza, malo ambiri omwetsera petulo auma, ndipo bwalo la ndege la Tampa latsekedwa m'mawa uno. Makilomita 20 kapena 30 okha, kwa mnzake wokhala pamalo okwera kunja kwa mazoni, akwanira. Ngati alibe wopitako, boma latsegula malo othawirako m'masukulu, ndipo salipiritsa. Atenge pasipoti ndi mapepala onse a viza ndi a ntchito m'pepala la pulasitiki lomanga bwino, chifukwa kwa ife obwera kutaya mapepala amenewa ndi mavuto a miyezi yambiri. Atenge mankhwala ake, ndalama zapamanja poti makina a khadi sagwira magetsi akazima, tochi, mabatire, chotchajira foni, chakudya chosafuna kuphika, ndi madzi akumwa malita 4 pa tsiku okwanira sabata. Asanatseke chitseko ajambule zithunzi za katundu wake yense, adzazifuna kwa a inshuwalansi.

Chinthu china mumuuze inuyo, chifukwa adzakumverani. Namondwe akadutsa anthu amafabe. Ena amaponda mawaya a magetsi obisika m'madzi, ena amayendetsa galimoto pamsewu wosefukira, ena amayatsa jenereta m'nyumba kapena m'galaja. Utsi wa jenereta ndi womwe uja wa mbaula ya makala m'chipinda chotseka mwezi wa June, sununkha, munthu amangogona osadzukanso.

Inuyo kumeneko, tsatirani motere. A ku Miami amatulutsa uthenga waukulu kanayi pa tsiku, 5 koloko ndi 11 koloko m'mawa, 5 koloko madzulo ndi 11 koloko usiku nthawi ya kuno. Malawi ali patsogolo ndi maola 6, ndiye kwa inu ndi 11 koloko m'mawa, 5 koloko madzulo, 11 koloko usiku ndi 5 koloko m'bandakucha. Pakatipakati amaonjezera ufupiufupi. Muuzeni mdzukulu akutsegulireni tsamba la nhc.noaa.gov nthawi zimenezo, ndipo muziyang'ana mapu a madzi okwera kuposa nyanga ija. Mavidiyo oyendayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook asiyeni. Ambiri ndi akale kapena opanga, ndipo angokukwezerani BP.

Milton akuyembekezeka kufika kugombe Lachitatu usiku, kwa inu kukhala kukucha Lachinayi. Mugwirizane lero kuti akutumizireni uthenga kawiri pa tsiku, akuuzeni komwe wagona, ndipo akupatseni nambala ya mnzake mmodzi wokhala tauni ina. Foni yake ikadzakhala chete tsiku lonse musadzayambe kulira maliro, netiweki imagwa ndipo batire amaisunga. Mauthenga olemba amadutsa pamene kuimba kukukanika.

Ine ndili chakumtunda, kufupi ndi Orlando, ndipo nthawi ya Ian madzi a mvula anafika pakhonde panga, choncho nanenso ndikumanga katundu m'mwamba. Pabalaza pali malo a munthu mmodzi. Ndakutumizirani nambala yanga pa imelo, mumupatse, aimbe asananyamuke kuti ndimuuze msewu umene ukuyendako.