Kwa achimwene amene akusekedwa chifukwa chosewera ndi character wamkazi

Imelo iyi inabwera Lachiwiri usiku ndipo ndakhala nayo masiku anayi osayankha, osati ulesi ayi, koma ndikati ndiyambe kulemba mtima umangolemera. Achimwene ena, dzina ndabisa monga anapemphera, akuti gemu iliyonse yomwe ikuwalola kusankha amatenga character (munthu amene umasewera ngati iye mu gemu) wamkazi, nde anzawo akumawaseka mpaka chibwenzi chawo chinawafunsa ngati pali chomwe akubisa. Funso lawo ndi loti kodi ali bwinobwino, kapena angosiya.

Achimwene, mwandikumbutsa kutali.

Ine ndinayamba ndi Chun-Li. Street Fighter II inatuluka mu 1991 koma ine inandipeza patapita zaka, ndili kamwana ka ku pulayimale, ndipo pa anthu 8 omwe umatha kusankha wamkazi anali yekhayo. Chomwe ndinamutengera tsiku loyamba sichinali chakuya ayi, chala changa chimakanika kupinda bwino kuti nditulutse hadouken, mpira wa mphamvu womwe Ryu amaponya ndi manja, pomwe kwa Chun-Li umangomenya batani la kick mwachangu basi miyendo n'kuyamba kugwa ngati mvula ya matalala. Kenako ndinazindikira kuti amatha kudumpha n'kuponda khoma n'kubwerera kumbuyo kwa mdani, ndiye ndinayamba kuwina, kuwina kwenikweni, mpaka tsiku lina ndinagonjetsa mnyamata wina wamkulu amene tonse timamuopa. Anzake anayamba kumukuwiza kuti wamenyedwa ndi mkazi, iye manyazi atamugwira anaponya padi pansi n'kutembenukira kwa ine, akuti "kodi iwe ndiwe mtsikana eti?" Onse anafa nacho chiseko. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasanduka Chun-Li, pa mpira Chun-Li, mu kalasi Chun-Li, chaka chathunthu, ndipo samanena moyamikira kuti ndimatha ayi.

Ndinasiya. Ndinatenga Ken, ndipo ndinasewera Ken kwa zaka zambiri osamukonda ngakhale pang'ono, kumaluza ndewu zomwe ndimadziwa kuti ndi Chun-Li ndikanawina, kumabwerera kunyumba mtima ukuwawa koma dzina langa litabwerera. Mpaka lero ndikakumbukira kamnyamata kaja kakudutsitsa cursor pa nkhope ya Chun-Li mwachangu kuopa kuti wina angaone kuti kaima pamenepo, chisoni chimandigwira. Nchifukwa chake funso lanu lija loti mungosiya landilasa, ine ndinasiyapo ndipo ndikudziwa chomwe chimatayika.

Nditakula ndinabwerera kwa ma character aakazi koma ndinabwerera ndi bodza m'thumba. Mwina nanu mukulidziwa, amuna ambiri amalinena: "aise, ngati ndikhale ndikuyang'ana kumbuyo kwa munthu maola 100 bola akhale mkazi." Ukangonena choncho anzako amaseka n'kukusiya, mlandu watha. Ndinalinena kambirimbiri ndipo lero ndimadana nalo. Poyamba ndimkati ndi kabodza kosavulaza munthu, koma taganizani chomwe ukunena pamenepo, ukuwauza anzako kuti musadandaule sindikumuona ngati munthu, ndikungomudyerera maso. Ndiye kuti pakati pathu mamuna amaloledwa kusewera ndi mkazi pokhapokha akamuchepetsa kukhala chinthu choyang'ana, koma akati ndimamukonda chifukwa ndi wolimba mtima, kapena nkhani yake imandikhudza, apo ndiye pali vuto. Zimenezo ndi zopindika ndipo sindidzazivomeranso. Alipo amene amanena zoona akamatero, sindikukana, koma ambiri mwa amene ndinawamva akunena mawu amenewa ndinawaonanso atatha ola lathunthu akusankha zipsera za pankhope ndi mtundu wa nsidze, zinthu zoti ukakhala kumbuyo kwa character suziona n'komwe.

Chomwe chinandichotsa bodza limeneli mkamwa ndi Mass Effect, ya BioWare, yoyamba inatuluka 2007. Umasewera ngati Commander Shepard ndipo umasankha wamamuna kapena wamkazi, nkhani ndi yomweyo, mawu olembedwa pafupifupi omwewo. Wamamuna amamulankhulira Mark Meer, wamkazi Jennifer Hale. Ndinayamba ndi wamamuna poti ndi amene anali pachikuto, kenako ndinayambiranso ndi wamkazi kungoyesa, ndipo abale inu mmene mayi ameneyu amaperekera lamulo, mmene mawu ake amatsikira akamatsanzikana ndi msilikali amene akudziwa kuti sabwerako, ndinaika padi pansi kaye. Panalibe za kumbuyo kwa munthu pamenepo, ndimafuna kukhala mtsogoleri ngati ameneyo basi. BioWare itatulutsa ziwerengero zake inapezeka kuti osewera 18 okha pa 100 alionse ndi amene amatenga Shepard wamkazi, ndipo ndimadzifunsa kuti mwa enawo ndi angati amene anafuna koma anadutsitsa cursor mwachangu ngati ine kale lija.

Tsopano apa ndi pomwe ndimapsa mtima. Mlongo wanga wamng'ono wasewera magemu kuyambira ali wamng'ono ngati ine ndemwe. Wakhalapo Mario, wakhalapo Link, wakhalapo Solid Snake, wakhalapo CJ mu GTA San Andreas miyezi ndi miyezi akumunenepetsa n'kumuondetsa ku gym, ndipo palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anamukhazika pansi kumufunsa kuti kodi mwana iwe ukufuna kukhala mamuna? Palibe. Analibenso kochitira, Pokémon inayamba 1996 koma kusankha mtsikana kunabwera ndi Crystal mu 2000, FIFA inadikira mpaka FIFA 16 kuti iikemo matimu a amayi, ndipo anali matimu a mayiko 12 okha, GTA V ya 2013 inatipatsa anthu atatu oti tisewere nawo, Michael, Franklin ndi Trevor, onse amuna. Atsikana akhala akuvala matupi a amuna mu magemu kwa zaka zonsezi aliyense n'kumati nzabwinobwino, koma mamuna akangovala la mkazi kamodzi mafunso ayambika. Anzanu aja sakudabwa kuti mwasintha thupi ayi, akudabwa kuti mwasankha thupi lomwe iwo amaliona ngati lotsika. Vuto lili m'maso mwawo.

Ndipatuke pang'ono chifukwa nkhani ya Metroid imandisangalatsa. Nintendo inatulutsa gemu imeneyi mu 1986, ukusewera ngati Samus Aran, munthu wovala zitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo kabuku ka Chingerezi komwe kamabwera ndi gemuyo kamamutchula ngati mamuna. Ukamaliza mwachangu amavula chipewa, ndi mkazi. Anyamata ambirimbiri anali atatha maola akuwombera zilombo ali mkazi osadziwa, ndipo palibe chinawachitikira. Chomwe ndimaganiza nthawi zonse ndi choti kabuku kaja kakanalembedwa m'Chichewa sipakanafunika kunama, ife timangoti iye, anapita, anamenya, anawina, chilankhulo chathu sichikukakamiza kuulula ngati ndi mamuna kapena mkazi kuti nkhani iyende. Ndipo gemu yabwino imakhala chonchonso, ukalowa mkati mwenimweni umangodziwa kuti iye akuyenera kudumpha apa.

Mbali inayo tinaiona mu 2016 pamene opanga Rust anaganiza zoti gemu izikusankhira yokha kuti ukhala mamuna kapena mkazi, molumikiza ndi akaunti yako ya Steam, sitolo ya pa intaneti yogulirako magemu, osasinthanso. Amuna ambiri amene anadzuka n'kupeza ali akazi anakwiya koopsa, akuti tilandidwa ufulu wosankha, chonsecho mmbuyo monsemo aliyense mu gemuyo anali mamuna wadazi ndipo azimayi osewera analibe chosankha, koma phokoso lotere kunalibe.

Za hitbox, malo a thupi la character omwe chipolopolo chimatha kumenya

Ndikudziwa wina alemba kuti iye amatenga wamkazi chifukwa ndi wochepa thupi nde zipolopolo zimamuphonya. Nthawi zina nzoona, mu Apex Legends character wamkazi wotchedwa Wraith anali wovuta kumuwombera mpaka opanga anamuikira chilango choti azipweteka kwambiri ndi 5% akalasidwa, ngakhale anadzachichotsa pambuyo pake, koma nkhani pamenepo inali kukula kwa thupi osati ukazi. Mu magemu ambiri skin ndi chovala chabe sichisintha kanthu. Ndipo achimwene, anzanu akukusekaniwo muwayang'anitsitse, ngati amasewera Free Fire ndikutsimikiza kuti ena mwa iwo anathamangapo ndi Kelly, ngati ndi a Tekken anagwirapo Nina kapena Xiaoyu, a Mortal Kombat ndiye Kitana ndi Mileena sawasiya. Anyani amasekana zikundu. Kusiyana kwake nkoti iwo ali ndi chonamizira pomwe inu mwangonena chilungamo kuti mumakonda.

Pomwe ine ndinalakwitsa zenizeni

Sindikufuna ndikuuzeni kuti ndi gemu chabe palibe chomwe imachita mwa munthu, chifukwa sindikhulupirira zimenezo. Mu 2007 Nick Yee ndi Jeremy Bailenson ku Stanford anaonetsa kuti anthu amene anapatsidwa thupi lalitali m'dziko la pakompyuta amalimba mtima kwambiri pokambirana zogawana ndalama kuposa amene anapatsidwa lalifupi, anachitcha Proteus effect. Thupi lomwe wavala limakukhudza, ndipo limakhudzanso mmene ena akukuonera, apa ndi pomwe ine ndinagwa.

Munali mu gemu ina ya pa intaneti, ya mtundu uja wa anthu masauzande m'dziko limodzi, dzina sinditchula poti cholakwa sichinali cha gemuyo. Ndinali healer, wochiritsa anzake akavulala pa ndewu, character wamkazi, dzina loti likhoza kukhala la aliyense. Sabata yoyamba yomwe ndinaona zomwe mlongo wanga amandiuza ine osamva, mauthenga onyansa ochokera kwa anthu osawadziwa, ena kundifotokozera zinthu zomwe ndimazidziwa kuposa iwo, ena kundinyoza kuti mkazi sangathe tikangoluza. Koma panalinso zokoma, anthu kundipatsa zida zaulere, kundiperekeza malo ovuta, ndipo ine ndimalandira. Panali mnyamata mmodzi amene amabwera madzulo alionse kudzandithandiza, kwa miyezi pafupifupi inayi, ndipo pang'onopang'ono anayamba kundiuza za moyo wake, za ntchito yomwe inamuthera, za mayi ake amene amadwala, zinthu zoti ndimaona ndithu kuti sauza munthu wina. Ndimadziwa chomwe akuganiza. Sindinanenepo kuti ndine mkazi ngakhale kamodzi ndipo ndimadzitonthoza ndi zimenezo, kumati sindinanametu ine, chonsecho gulu lathu litayamba kulankhulana pa mawu ndinati maiki yanga ndi yowonongeka, sabata zitatu maiki yowonongeka. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Tsiku lomwe ndinalimba mtima n'kumulembera zoona anangoyankha kuti "ok", mawa lake anali atatuluka m'gulu ndipo sindinamuonenso. Papita zaka zambiri koma ndimamuganizabe, ndimafuna nditadziwa ngati mayi ake anachira.

Ndiye mukandifunsa kuti choipa chili pati pa nkhani yonseyi, ine ndikuti sichili pa sikirini yosankhira character ija, chili pomwe munthu weniweni wayamba kukupatsa mtima wake chifukwa cha chinthu chomwe iwe ukudziwa kuti sichoona, iwe n'kukhala chete. Chimenecho chokha ndi chomwe ndimachita nacho manyazi, osati Chun-Li, osati Shepard.

Palinso china chomwe sindingachilumphe. Alipo anthu amene kusewera ndi thupi lina kunawatsegula maso pa zinthu zomwe anali nazo kale mumtima zokhudza mmene amadzionera, ndipo sindiwanyoza, gemu sinadzale kanthu mwa iwo inangowapatsa malo opumira. Koma ambiri mwa ife sizili choncho, timangokonda mawu, kayendedwe, zovala zomwe nthawi zambiri za akazi zimakhala zosiyanasiyana kuposa za amuna, kapena timafuna kuona nkhani ndi maso ena. Amene angadziwe kuti inu muli mbali iti ndi inu nokha, osati anzanu, osati ine, ndipo mu imelo yanu sindinaonemo munthu wovutika ndi chomwe ali, ndinaonamo munthu wotopa ndi kusekedwa.

Chochita ndi chochepa. Musasiye. Anzanu musawafotokozere kanthu ndipo bodza lija la maola 100 musalibwereke, mungoti ndimamukonda ameneyu, tiyeni tisewere. Chibwenzi chanu ndiye chofunika yankho lenileni chifukwa chafunsa ndi mantha osati chipongwe, khalani nacho pansi, chionetseni character wanu ndi chifukwa chomwe munamupangira choncho, kenako chipatseni padi chipange wake. Pa intaneti mukangoona kuti wina wayamba kukuonani ngati mkazi ndipo zayamba kulowa mumtima, nenani tsiku lomwelo kuti ndinu mamuna, mphatso zobwera mwa njira imeneyo muzibweza.

Street Fighter 6 itatuluka mu 2023 ndinapeza Chun-Li atakula, wasiya za upolisi akuphunzitsa ana kung fu, ndipo ndinamusankha mwana wanga wamamuna ali pambali panga akuonera, cursor ndinaisiya pankhope pake nthawi yaitali ndithu. Ngati muli nayo gemuyi achimwene ndilembereninso tipangane tsiku, inu mubwere ndi amene mumamukonda, ine mundipeza ndi Chun-Li.