Ma bush a polyurethane, ndigule kapena ayi?

Funso: Akulu, ndili ndi ka Mazda MX-5 ka 1994, ndikakwera hampu kakumagogoda kutsogoloku ndiye makaniko wanga akuti ma bush atha ndiike a polyurethane. Ndi nzeru koma? Wowerenga, Blantyre

Yankho: Achimwene, galimoto yakale choncho ma bush ake, timalabala tija tokhala polumikizira zitsulo za kumatayala, amakhala atauma n'kung'ambika, kusinthako musazengereze. Koma dziwani kuti polyurethane, yemwe ndi mtundu wa pulasitiki, ndi wolimba kuposa labala, sitelingi imamvera bwino mukamakhota pakona, ma bush akewo amakhalitsanso chifukwa sawonongeka msanga ndi oyilo, vuto ndi loti kabampu kalikonse mumakamva mpaka kumsana, ndiye ndi maenje a m'misewu yathuyi ganizani kawiri. Mukakagula a kampani ya Powerflex tengani a pepo aja a mumsewu, akuda ndi a mpikisano, angokuvutitsani. Onetsetsani kuti ndi a MX-5 yoyambirira, ya magetsi otukuka ija. Poika makaniko apake gilisi wobwera m'paketimo, akapanda kutero muzingomva kwii kwii ngati bedi lakale. Auzeninso aone kaye ma ball joint, mfundo zachitsulo zija zomwe tayala limakhotera, ndi ma shoko, kugogodako mwina kukuchokera kumeneko. Akamaliza mukapangitse alayimenti, apo ayi matayala adyeka mbali imodzi.