Abambo anu sakunama, kungoti sakukuuzani zonse

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zimene ndimalemba, dzina sinditchula poti sanandipatse chilolezo. Mwachidule anati: "Ankolo, abambo anga ali ndi zaka 74 ndipo akhala m'katauni kamodzimodziko kuyambira ali mnyamata. Amayi anatisiya chaka chatha, ife ana tonse tili mumzinda, tikufuna tiwatenge tizikhala nawo koma akukanitsitsa. Nyimbo yawo ndi imodzi, kale kunali bwino, kale anthu anali anthu. Inuyo mwakhalitsa m'tauni yaing'ono, tandiuzeni zoona, kale kunalidi bwino kapena ndi ukalamba chabe ukuwayankhulitsa?"

Choyamba pepani mwana wanga chifukwa cha amayi, chaka chimodzi sichikwana kuti mtima ukhale pansi, olo kwa inu olo kwa abambowo. Ine abambo anu amandiposa ndi zaka zochepa chabe, ndipo nanenso sindinasamukepo m'katauni komwe ndinakulira, nde funso lanuli landikhudza mpaka ndakhala masiku angapo ndisanayankhe.

Katauni kathu nthawi imeneyo kanali msewu umodzi wafumbi, sukulu, kachipatala, positi ofesi ndi nyumba zoti mwana wa sitandade 3 akanatha kuziwerenga zonse. Basi inkabwera kamodzi pa tsiku, pena osabwera n'komwe mvula ikavuta, ndipo tinkaimva ili kutali ikulimbana ndi chitunda, anthu n'kuyamba kutuluka mmodzimmodzi, ena alibe woti amuchingamire, alibenso ulendo, angobwera kudzaona kuti watsika ndani ndipo wanyamula chani. Basi yomweyo ndi imene inkabweretsa thumba la makalata. Nde taganizani, anthu ambirimbiri kudikira chinthu chimodzi, nthawi imodzi, malo amodzi, tsiku ndi tsiku kwa zaka. Podikirapo m'pamene nkhani zinkakambidwa, ngongole zinkakumbutsidwa, okwiyirana ankakakamizika kupatsana moni poti kothawira kunalibe.

Za makalata ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi zimene ndimazidziwa bwino. Ndili ndi zaka 12 kapena 13 ndinali mmodzi mwa ana amene ankalembera ndi kuwerengera makalata anthu achikulire osadziwa kuwerenga. Mayi amakuitana, amakukhazika pansi, amakuuza mawu oti ulembere mwamuna wawo kapena mwana wawo amene anapita kutali kukagwira ntchito, ndipo iwe umalemba chilichonse, za mwana amene akudwala, za denga lodontha, za kuti bwanji mwakhala chete miyezi inayi. Yankho limabwera patatha masabata atatu kapena mwezi, n'kukuitananso kuti uwerenge, ndipo panali masiku ena oti ndatsegula envulopu, maso athamangira kale m'munsi, ndaona kuti nkhani yake ndi yoti bamboyo wakwatira kwina, mayi akundiyang'ana pakamwa akudikira. Mpaka lero ndimakumbukira nkhope ya mayi mmodzi ameneyo ndipo zimene zinali m'kalatamo sindinauzepo munthu. Telegalamu ndiye inali yoopsa kuposa, poti ankalipiritsa powerenga mawu munthu sankaitumiza pa nkhani yachabe, ikangofika pakhomo anthu ankayamba kulira asanaitsegule. Ana anga atandiuza kuti dziko la India, lomwe linaisunga nthawi yaitali, linatseka ntchito ya telegalamu mu 2013, ndinakhala chete kanthawi, chinthu chimene chinkanjenjemeretsa tauni yonse changotha choncho.

Kenako wailesi. Mawailesi ang'onoang'ono a batire aja anayamba kugulitsidwa ku America mu 1954 koma kwa ife anafika mochedwa, ndipo m'dera lathu lonse munali atatu kapena anayi basi. Batire ikafooka tinkaiyanika padzuwa tikukhulupirira kuti ibwerera mphamvu. Mu July 1969 tinamva pa wailesi ya aphunzitsi ena kuti Neil Armstrong waponda pamwezi, ndipo usiku wake akuluakulu anatuluka panja kuyang'ana kumwamba, mkangano wake unatenga sabata, ena akuti n'zoona ena akuti bodza lamkunkhuniza. Pa 30 October 1974 Muhammad Ali akumenyana ndi George Foreman ku Kinshasa tinadzuka kusanache, anyamata oposa 20 kuzungulira kawailesi kamodzi kokhala ngati njerwa, mawu akubwera akupita, ndipo Foreman atagwa mu raundi ya 8 tinakuwa mpaka agalu a tauni yonse anayamba kuuwa. Palibe mmodzi wa ife anaona nkhonya olo imodzi ndi maso, koma mukafunsa amene atsala amakufotokozerani ngati anali pomwepo. Lero mdzukulu wanga amaonera nkhonya zomwezo pa YouTube ali yekha pabedi, amaona bwino kuposa mmene ife tinkaganizira, akamaliza amangopita pa vidiyo ina.

Nde abambo anu akamati kale anthu anali anthu, ine ndikumva kuti akunena za kudziwika. Katswiri wina wa ku Britain, Robin Dunbar, ananena kuti munthu amatha kusunga ubale weniweni ndi anthu pafupifupi 150, ena amatsutsa nambalayo koma ine ndikaiganizira ndimaona kuti katauni kathu kanali pafupi ndi muyeso umenewo, mabanja onse unkawadziwa, ndi mbiri yawo yomwe. Kalata yolembedwa dzina lokha popanda bokosi inkafika. Mwana akasochera sankafunsidwa dzina, ankangomuyang'ana pamphumi n'kudziwa kuti ndi wa kwa uje, n'kumugwira dzanja kukamusiya. Mwana wa mnzako ngwako yemwe sanali mawu ongokometsera pakamwa, ukalakwa kumsewu unkadzudzulidwa ndi munthu amene si mbale wako ndipo pofika kunyumba nkhani inali itafika kale. Munthu akapanda kutsegula chitseko mpaka dzuwa kukwera, wina ankagogoda. Chimenechi chinalipodi, sindikukometsa, ndipo mumzinda simungachigule.

Koma mwandifunsa zoona nde ndikuuzani mbali imene ife okalamba timaidumpha. Kudziwika komweko kunali ndende. Mtsikana akatenga mimba ali pasukulu nkhani yake inkamutsata mpaka imvi, mwana wakenso n'kuitengera. Panali bambo wina amene anamunamizira kuba ali mnyamata, zinadziwika pambuyo pake kuti sanali iye, koma mpaka tsiku la maliro ake chinthu chikasowa anthu ankayamba ayang'ana kunyumba kwake. Mayi womenyedwa ndi mwamuna, tonse tinkamva kulira usiku, tonse tinkadziwa, m'mawa tonse tinkamupatsa bamboyo moni ngati palibe chachitika chifukwa mawa tikumana nayenso podikira basi. Ichi chimandiwawa kuposa zonse chifukwa nanenso ndinali m'gulu la opereka moniwo. Ndipo wobwera ankakhala wobwera olo atakhala zaka 20.

Ndiye matenda. Mchemwali wanga anataya mwana wa zaka ziwiri ndi chikuku, chaka chimenecho m'misewu yathu munatuluka timabokosi tating'ono tingapo motsatizana. Katemera wa chikuku analipo kale padziko kuyambira 1963, kungoti anali asanafike kwa ife, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linayamba ntchito yofalitsa katemera wa ana m'maiko onse mu 1974 ndipo zinatenga zaka kuti afike m'matauni ang'onoang'ono. Tinkaonanso akuluakulu a nkhope zamabowomabowo chifukwa cha nthomba, matenda amene analengezedwa kuti atheratu padziko mu 1980, ana anu sadzawaona n'komwe. Mu 1990 ana osakwana zaka 5 oposa 12 miliyoni ankamwalira pa chaka padziko lonse, lero ndi pafupifupi 5 miliyoni, akadali ambiri koma kusiyana kwake ndi ana enieni amene akusewera panja pano. Foni m'tauni yonse inali imodzi ndipo usiku inkakhala yokhomeredwa mu ofesi. Ndimakumbukira usiku wina mayi woyembekezera zitamuvuta, amuna anayi titamunyamula mumdima tikuthamangira kunyumba ya munthu yekhayo amene anali ndi galimoto, kufika n'kupeza kuti galimotoyo yapita ulendo. Mayiyo anapulumuka, mwana ayi. Aliyense wondiuza kuti foni zam'manja zaononga dziko ndimamufotokozera za usiku umenewo.

Nanga bwanji abambo anu sakamba zimenezi? Sikuti akubisa. Akatswiri a za maganizo anapeza kuti munthu akakalamba zimene amakumbukira kwambiri, komanso mowala, ndi za pakati pa zaka 10 ndi 30 za moyo wake. Abambo anu zaka zimenezo ndi pamene maondo anali olimba, anzawo onse anali moyo, ndi pamene anawaona amayi anu koyamba mwina pamalo pomwe amadutsa tsiku lililonse mpaka lero. Akamati kale kunali bwino, theka lake akunena tauni, theka linalo akunena mkazi wawo, ndipo sangathe kuzilekanitsa. Inenso sindingathe.

Musadziimbe mlandu kuti munachoka. Mu 1950 anthu atatu okha pa 10 alionse padziko ndi amene ankakhala m'matauni ndi m'mizinda, pofika cha mu 2007 anali atapitirira theka, ndipo anthu ambiri anathamangira kumizinda ikuluikulu komwe kuli ntchito. Kwathu msewu atauika tara tinavina, osadziwa kuti msewu wabwino umatulutsa anthu mwachangu kuposa mmene umawabweretsera. Ana anga nawonso anakwera basi, ndipo ndine ndinawaperekeza.

Tsopano pa nkhani yowatenga. Ndaona anzanga angapo atatengedwa ndi ana awo mwachikondi chenicheni, nyumba yabwino, magetsi, chipatala pafupi, koma akabwera kudzacheza umaona kuti munthu wafota. Kuno anali a uje, odziwika ndi aliyense, ofunsidwa nzeru pakabuka mkangano wa malire poti ndi iwo okha akukumbukira pamene panali mtengo uja. Uko ndi agogo a m'nyumba ya geti yakuda, tsiku lonse pampando kudikira kuti anthu aweruke. Sindikunena kuti musadzawatenge, ikadzafika nthawi yoti akugwa, akuiwala mankhwala kapena kusiya moto osazimitsa, pamenepo muwatenge olo akane, ndipo ine ndidzakhala kumbali yanu. Koma ngati akuyenda okha ndipo mutu uli bwino, musawakokere. Afunseni kuti ndani amawagogodera m'mawa, mutenge nambala ya munthu ameneyo, muzimuimbira ndi kumuthokoza. Aziitanidwa kudzacheza sabata ziwiri atauzidwiratu tsiku lobwerera, munthu wodziwa kuti abwerera kwawo amabwera mosavuta, pena mpaka amawonjezera yekha masiku. Ndipo chonde musadzawafunse kuti kwatsala chani kumeneko, manda a amayi anu ali komweko.

China chimene ndikupemphani, mukapita ulendo uno musakatsutsane nawo za kale. Mukawatenge muyende nawo wapansi kuchokera kumapeto a tauni mpaka kumapeto ena, foni ili m'thumba ikujambula mawu, muwauze kuti mukujambula. Musafunse kuti kale kunali bwanji, funso limenelo yankho lake ndi nyimbo ija mukuidziwa kale. Funsani tinthu ting'onoting'ono, apa panali chani, nyumba iyi anamanga ndani, basi inkaima pati, wailesi yoyamba munaimvera kwa ndani, amayi munawalankhula koyamba mutaima pati ndipo anakuyankhani chani. Akakhala chete musathamangire kudzaza mpatawo, dikirani, zenizeni zimatuluka pambuyo pa chete ameneyo, ndi zowawa zomwe zimene sanakuuzenipo. Ine bambo anga ndinawajambulapo kamodzi kokha pa kaseti m'ma 1980, mphindi zosakwana 30, ndinkati ndidzapitiriza ndikapeza mpata, chaka chotsatira anamwalira. Kasetiyo inadyedwa ndi chinyezi koma mdzukulu wanga anakwanitsa kupulumutsa kachigawo kochepa n'kukaika mu kompyuta, bambo akufotokoza za tsiku limene basi yoyamba inalowa m'tauni mwathu, akuseka, akutsokomola, kumbuyo kukumveka mayi anga akuwakonza kuti ayi sichinali chaka chimenecho.

Mukabwerako mundilembere, ndikufuna kumva kuti amayi anu anawayankha chani tsiku loyambalo. Muwapatsenso moni abambo, muwauze kuti ndi wochokera kwa mnzawo amene nayenso anamvera nkhonya za Ali pa wailesi.